Buleki ya Madina

Anthu akwathu amene anakhalako ku Mayfair, mumzinda wa Joni, zaka za m'ma 1980 amawakumbukirabe Che Tawakali, telala wa pakhonde pa sitolo ya mmwenye wina wogulitsa nsalu. Anali munthu wamtali, wowonda, mzuli kumutu, tepi m'khosi, wosakonda zolankhulalankhula. Kusoka kokha ankasoka bwino, koma anali ndi khalidwe limodzi lotopetsa. Ikamayandikira teni koloko, kaya iwe wavula buluku uli kuseri kwa katani kudikira kuti akuikire zipi, iwo ankangovundikira makina n'kunyamuka. Ukadandaula ankati abwera pompano. Ankabweradi, koma iwe utapsa kale mtima. Ankapita ku kasukulu kena ka tchalitchi komwe kanali chapafupi, kukaona mwana wawo pa nthawi ya buleki, chifukwa nthawi ina yomuonera analibe.

Kwawo kunali ku Machinga, cha ku Nselema. Anabwera ku Joni mu 1973 pa ndege ya Wenela, kampani yolemba anthu ntchito za kumigodi, ali mnyamata, n'kulowa ntchito ya mumgodi. Chaka chotsatira, ndege ina yonyamula anzawo itagwa, boma la kwathu linaitanitsa anthu ake, ndipo ambiri anabwerera ndi masutikesi ndi mawailesi awo. Che Tawakali sanabwerere, ati chimene anadzera anali asanachipeze. Anazemba kukomponi n'kulowa m'tauni ndi chitupa cha dzina la munthu wina, chimene ankachitulutsa wapolisi akachifuna. Kusoka anali ataphunzira kwa amalume awo ali mwana, ndiye sanagone ndi njala.

Mu 1979 anakwatira Nomvula, mkazi wa Chizulu wa ku Soweto, amene ankabweretsa madiresi a abwana ake kudzapinditsa pakhonde paja. Akuchikazi anafuna lobola, chinthu choti ku Nselema sachidziwa n'komwe. Anzawo a kumzikiti anawaseka, ati Myao kugula mkazi ngati njinga, koma iwo anapereka zonse osanyinyirika. Mu 1981 kunabadwa mwana wamkazi. Bambo anamutcha Madina, akuchikazi anakamubatiza n'kumutcha Agnesi, ndipo Nomvula ankaitana dzina lililonse malinga ndi amene ali pafupi. Mwanayo ali ndi zaka zitatu, Nomvula anadwala chifuwa n'kumwalira.

Apa ndi pamene zinthu zinalakwika, ndipo ine mpaka lero ndimati akanapita ndi munthu wodziwa za kuno, sizikanafika pomwe zinafikapo. Maliro atatha, abale a Nomvula anakhala pansi m'nyumba ya ku Soweto, n'kuwafunsa Che Tawakali kuti akuti bwanji za mwana. Kwa iwo funsolo linali lamwambo chabe. Munthu akapereka lobola mwana ndi wake, basi. Ankayembekezera kuti bamboyo anena kuti magazi ndi ake, kenako apemphe kuti amuthandize kulera. Koma Che Tawakali anakulira ku Machinga. Kumeneko mwana ndi wa kuchikazi, mwini wake ndi malume, ndipo mkamwini wolimbirana mwana pa maliro a mkazi wake amaoneka wopanda mwambo. Bambo amasiya mwana m'mbumba ya amayi ake, n'kumabwera ndi sopo ndi tizovala, mwana n'kumadziwa bwinobwino kuti awa ndi bambo anga. Ndiye anaweramitsa mutu n'kuyankha ndi ulemu wonse umene anakula nawo.

"Mwanayu ndi wanu. Ine ndilibe mawu."

Kuipa kwake, ananena zimenezi m'Chifanakalo, chilankhulo cha kumgodi cholamulirana, chimene kwa Mzulu chimamveka ngati mwano ngakhale munthu ukupepesa. Benedicta, mkulu wake wa Nomvula, amene anali nesi, ananyamula mwana n'kulowa naye kuchipinda. Potuluka anawauza kuti poti mwana amutaya manda a amayi ake asanaume, asadzapondenso pakhomopo.

Lamulungu lotsatira anapitako ndi sopo ndi kadiresi kosoka okha, koma chitseko sichinatsegulidwe. Anapitakonso, n'kupitakonso. Akayesa kufotokozera pawindo, Chifanakalo chija chinkangowonjezera moto. Kukhoti sakanapita, ndi chitupa chija akanangodzipereka okha kwa apolisi. Kenako Benedicta anasamukira ku Hillbrow, m'fulati ya pamwamba kwambiri yokhala ndi mlonda pageti. Zaka zinadutsa Che Tawakali osamuona mwana wawo, ndipo anthu akawafunsa ankangoti alamu awo ndi ovuta, osapitirira apo.

Amene anawapezera mwanayo anali a Ambrose, mkulu wa ku Dedza amene anabwera ku Joni kalekale, ndipo ankasesa ndi kuimba belu pa kasukulu ka tchalitchi kaja. Kumayambiriro kwa 1988 anabwera kudzaikitsa chigamba pa buluku, n'kungotchula kuti m'kalasi yoyamba mwabwera kamtsikana kotchedwa Agnesi, kamene amakaperekeza ndi nesi wina, ndipo khosi lake lalitali ngati la telala amene akusoka bulukuyu. Che Tawakali anasoka chigambacho mokhota, chinthu chimene chinali chisanachitikepo.

Masiku oyamba ankangoima kutsidya kwa msewu, kuyang'ana ana akutuluka m'makalasi ngati njuchi belu likalira. Bwalo lake linali laling'ono, la fumbi, lozunguliridwa ndi mpanda wa waya. Tsiku lina analimba mtima, anawoloka msewu, n'kuitana motsitsa mawu kuti Madina. Dzinalo panalibe amene analitchulapo chimwalirireni amayi ake, koma mwanayo anatembenuka.

Kuyambira pamenepo belu likangolira, Madina ankathamangira pampanda. Bambo ankasenda lalanje n'kumapatsira timagawo m'mabowo a waya. Iye ankalankhula Chizulu ndi Chingerezi cha kusukulu, iwo Chizulu chothyokathyoka, ndipo ankamuphunzitsa timawu ta kwathu, mwana n'kumaseka matchulidwe ake. Ankamuyeza pomwepo. Ankalowetsa tepi pawaya, Madina n'kuzizunguliza m'chiuno, n'kuwawerengera nambala. Batani likathothoka ankatsamira pawaya, iwo n'kusoka ali kunja. Yunifolomu ikafupika ankaibweretsa m'chikwama, mawa lake n'kuitenga mpendero utatsitsidwa. A Ambrose nawo ankachedwerako dala kuimba belu lolowera, ati dzanja laukalamba limatenga nthawi kuti lidzuke. Kunena zoona, zaka ziwiri zimenezo Che Tawakali ananenepako, ndipo ankaimba tinyimbo popalasa makina.

Benedicta sanali chitsiru. Mpendero wosokedwa ndi telala aliyense amaudziwa, ndipo mwana sangamafike kunyumba tsiku ndi tsiku zala zikununkhira malalanje amene iwe sunagule. Koma kwa nthawi yaitali sananene kanthu.

Chakumapeto kwa 1989 kunamveka zoti ahedi akufuna kuthetsa buleki. Zifukwa anali nazo, ndipo sizinali zopanda pake. Masiku amenewo Mayfair pamapepala linali likadali dera la azungu, ndipo azungu ena amene anatsala mumsewumo ankaimbira apolisi foni kudandaula phokoso, apolisi n'kumabwera kudzaima pageti, kuwerenga mitu ya ana akuda. Kamnyamata kena kanathamangitsa mpira mpaka mumsewu, takisi n'kukaphonya pang'onong'ono. Ahedi anati ana azidyera m'kalasi ali pamipando, maphunziro azipitirira, ndipo aziweruka msanga matakisi asanadzaze. Anaitanitsa makolo kuti adzakambirane Loweruka masana.

Che Tawakali atamva kwa a Ambrose, anaganiza zokalankhula pamsonkhanopo. Sabata yonse ankayeseza mawu m'Chizulu, kulankhula okha pamakina ngati wamisala. Lowerukalo anavala jekete, n'kulowa muholo ya tchalitchi atanyamula benchi limodzi ndi a Ambrose, kenako n'kuima kumbuyo.

Nkhani inakula. Bambo wina anati iye sakwezera mwana matakisi awiri kuti adzathamangitse mpira, masukulu a kulokeshoni atsekedwatsekedwa ndi zipolowe zaka zonsezi, ana akuno aphunzire mpata ulipo. Ambiri anawomba m'manja. Mphunzitsi wa kalasi yoyamba, mayi wachikulire wa mawu osasa, anaimirira n'kunena kuti ana ambiri pasukulupo ndi a m'mafulati, moyo wawo ndi chikepe, takisi, mpando, takisi, chikepe, ndipo pabwalo lafumbi lija ndi pokhapo pamene mapazi awo amaponda dothi. Anati mwana wamng'ono ukamukhazika pansi m'mawa wonse, ikamakwana thwelofu amakhala akuwodzera kapena akutsina mnzake, ndipo chimene ukuphunzitsa chimangodutsa pamwamba pa mutu. Mayi wina anamuyankha kuti ndiye adzabwere iye kudzatola mwana mumsewu takisi ikamugunda.

Che Tawakali anakweza dzanja. Ahedi anawaona, n'kufunsa mwaulemu ndithu kuti bambo kumbuyoko ndi kholo la mwana uti. Iwo anayang'ana msana wa Benedicta, amene anakhala kutsogolo ndi yunifolomu yake yoyera. Ankaopa kuti akatchula dzina la mwanayo pagulu popanda chilolezo cha akuchikazi akhala achita mwano. Abale inu, matenda omwe aja a ku Soweto. Anatsitsa dzanja, mawu onse a sabata yathunthu n'kuwameza.

Kenako Benedicta anaimirira, osacheuka. Anati iye wamva zonse zimene aphunzitsi anena ndipo ngati nesi sakutsutsa, koma pali ana ena amene buleki kwa iwo si buleki, amangoima pampanda ndi anthu akuluakulu a kunja. Anati bola azidyera m'kalasi pamodzi ndi anzawo. Anthu anakweza manja, ndipo ofuna kuthetsa anapambana.

Chaka chatsopano chinayamba popanda buleki. Che Tawakali ankapitabe nthawi yomwe ija, lalanje m'thumba, kukaima pampanda kuyang'ana bwalo lopanda munthu. Mmwenye wa sitolo anawafunsa ngati mutu ukuyenda bwino. Tsiku lina Che Tawakali anangoona Madina akutulukira kuseri kwa zimbudzi, akuthamanga chowerama. Anali atapempha kuti akadzithandize. Anachita zimenezi tsiku ndi tsiku, ndipo bambo, m'malo momuletsa, ankangosangalala. Aphunzitsi si ana, anazindikira, ndipo anamukwapula m'manja ndi rula. Mawa lake anabweranso, koma lalanje ankalilandira ndi nsonga za zala. Atamuuza kuti atambasule manja, anaona zikhatho zotupa.

Mtima unawapweteka koopsa. Anamuuza kuti abwerere m'kalasi ndipo asadzabwerenso pampandapo, iwonso sadzabweranso. Mwanayo anawayang'ana, osalira, n'kufunsa ndi mawu wamba ngati akufunsa nthawi.

"Baba, mwanditayanso?"

Madzulo ake anapita kukachipinda ka a Ambrose kuseri kwa tchalitchi, n'kufotokoza zonse kuyambira pa maliro, mpaka mawu enieni amene anayankha tsiku lija. A Ambrose anagwira mutu. Anawakalipira ngati mwana, kuti zaka zonsezi kumangoti alamu ndi ovuta, alamu ndi ovuta, chonsecho munthu unapereka lobola kenako n'kukaima pamaso pa Azulu n'kunena kuti ulibe mawu. Anawafotokozera mmene mawu amenewo anamvekera kwa eni ake. Apa ndi pamene Che Tawakali anamvetsa. Zaka zonse zija ankaganiza kuti akudedwa chifukwa ndi mlendo, osadziwa kuti ulemu wawo womwewo ndi umene unawatsekera chitseko.

Lamulungu masana anapita onse awiri ku Hillbrow, a Ambrose ngati nkhoswe. Mlonda wa pageti anawalola chifukwa cha imvi za a Ambrose ndi Chizulu chawo chosalala. Chikepe chinali chakufa, ndiye anakwera masitepe, mkulu uja akupumira pa nsanjika iliyonse n'kumatukwana amene anamanga nyumba zotere. Benedicta atatsegula chitseko anafuna kutsekanso, koma munthu wamkulu sumutsekera chitseko kumaso. Anamutuma mwana kwa aneba, n'kuwapatsa alendowo mipando.

A Ambrose analankhula nthawi yaitali, kufotokoza za mbumba, za malume, za mkamwini. Benedicta ankamvetsera manja atapinda pachifuwa. Anati mwambo woterewo sanaumvepo chibadwire, ndipo mng'ono wake sanamuuzepo. Kenako a Ambrose anawagunda mnzawo ndi chigongono. Che Tawakali anadzutsa mutu n'kunena m'Chizulu chenicheni, chimene anachiloweza m'takisi.

"Alamu, Madina ndi mwana wanga. Sindinamutaye. Ndabwera kudzapempha kuti ndizimuona."

Benedicta anachotsa manja pachifuwa. Anati mawu amenewo anawadikira tsiku la maliro, ndipo anawadikiranso muholo muja ahedi atafunsa. Kenako anapukusa mutu, n'kuwatcha sibali, ndiye kuti alamu m'Chizulu.

"Sibali, mukudziwa kuti mwanayu sadziwa kudumpha chingwe?"

Che Tawakali sanamvetse kuti chingwe chikubwera bwanji pankhaniyi. Benedicta anafotokoza mosakweza mawu. Kwa zaka ziwiri aphunzitsi ankamuitana kumuuza kuti Agnesi sasewera. Alibe mnzake ngakhale mmodzi. Anzake akamasankhana magulu iye samuwerengera, chifukwa amadziwa kuti belu likalira athamangira kumpanda. Iye mwini anamufunsapo mwanayo chifukwa chake sasewera ndi anzake, ndipo anayankha kuti akapita kukasewera baba atsala okha. Anati n'chifukwa chake anaimirira pamsonkhano paja, osati chifukwa cha azungu kapena matakisi.

"Inu mumati mukudzamuona," anatero Benedicta. "Iye amati akukusungani."

Apa Che Tawakali analibedi mawu. Iwo ankadziwa kukula kwa chiuno cha mwana wawo, kutalika kwa mkono wake, dzino liti lagwedera. Koma kumbuyo kwa mwanayo ana ena onse ankakuwa, kuthamanga, kugwa, kudzuka, ndipo iwo sanadzifunsepo kuti nanga wawoyu amathamanga liti. Manyazi anawagwira, moti tiyi amene Benedicta anawapatsa anazizira m'manja. Potsanzikana Benedicta anati mwana apitiriza kukhala kwa iye, koma Loweruka lililonse abwere kudzamutenga pakhomo ngati bambo, osati pawaya ngati wakuba.

Za buleki pasukulupo, zinatha mmene zinthu zambiri zimathera. Patapita chaka aphunzitsi anatopa ndi ana owodzera ndi otsinana, ndipo inabwezeretsedwa, yofupikirapo, kubwalo la kuseri kumene aneba sakanaona. Makolo ena anadandaulabe kuti nthawi ikutayika, ndipo mkanganowo unkabukanso chaka ndi chaka. Che Tawakali sanapitenso pampanda, ndipo anthu a mazipi anapumula.

Loweruka loyamba anafika ku Hillbrow m'mawa, nsapato zopolishidwa, mutu wodzaza mapulani. Ankafuna kukamuonetsa kwa mmwenye wa sitolo, kwa anzawo a kumzikiti amene anawaseka za lobola, kenako kukamugulira ayisikilimu m'tauni. Anali ndi tsiku lonse, chinthu chimene anachilakalaka zaka zisanu ndi chimodzi. Anatsika takisi ku Mayfair atagwirana manja. Podutsa pa kabwalo kena kopanda nyumba pafupi ndi njanji, anapeza atsikana akusewera jingo, awiri akupukusa chingwe, ena akudumpha motsatizana. Anamva dzanja la Madina likulemera, mapazi akukokera m'mbuyo.

Anamuuza kuti apite akasewere. Iye anati sadziwa, ndipo anafunsa kuti nanga iwo atsala ndi ndani. Che Tawakali, munthu wosazolowera bodza, ananama kuti pali kasitomala amene akuyenera kumudikira pamenepo, ndipo nkhani yake ndi ya akuluakulu. Anamasula dzanja lawo m'dzanja lake, n'kukakhala pamwala chapatali, pafupi ndi njanji.

Madina anaima m'mphepete mwa bwalo nthawi yaitali, manja kumbuyo, akucheukacheuka. Iwo ankayang'ana kumbali ngati akudikiradi munthu. Kenako mtsikana wina mkono unamutopa, n'kumupatsa nsonga ya chingwe. Anapukusa mokhota, anzakewo n'kumukalipira, iye n'kukonza. Itafika nthawi yake yodumpha anakodwa nthawi yomweyo n'kugwa chafufumimba, diresi yatsopano yosokedwa ndi bambo ake n'kudzaza fumbi. Onse anaseka. Che Tawakali anatsala pang'ono kudzuka, koma anadzigwira. Mwanayo anadzuka yekha, anasasa mawondo, n'kukaima kumapeto kwa mzere.

Kuyambira pamenepo sanacheukenso. Masitima anadutsa, nthawi ya swala ya masana inakwana n'kupitirira, bambo ali pamwala pomwepo. Kwa mmwenye sanapite, ayisikilimu sanagulidwe. Zinawawawa kuti tsiku lawo loyamba likutha mwana osawayang'ana n'kamodzi komwe, koma sanamuitane.

Dzuwa litapendeka anakumbukira kuti Benedicta anati mwana afike kusanade. Anaimirira, miyendo itachita dzanzi, n'kuitana. Madina sanamve. Anaitananso mokweza, mpaka atsikana ena anamukodola. Anabwera akupuma wefuwefu, thukuta lili chuchuchu, nkhope itakwinyika ngati ya mwana aliyense amene wadulidwa masewera.

"Baba, pang'ono pokha. Ndatsala pang'ono kudziwa."

Che Tawakali anayang'ana dzuwa, anaganiza za masitepe a ku Hillbrow ndi nkhope ya alamu awo, n'kukhalanso pamwala paja.